Chuma cha ku Nubia chidapulumuka madzi a damu, koma chili kuti lero?

Damu lalikulu likatsekedwa, madzi sasankha pofika. Amameza minda, midzi ndi manda, n'kukwiriranso mabwinja amene ngakhale eni dera sadziwa kuti ali pansi pa mapazi awo. N'chifukwa chake akatswiri ofukula zinthu zamakedzana ali ndi ntchito ina imene amaigwira mothamangitsana ndi madzi: amayendera dera lonse loti lidzamire, kulemba ndi kujambula chilichonse chimene apeza, kufukula pamene nthawi yalola, ndi kusamutsa zimene zingathe kunyamulika.

Ntchitoyi imasiyana ndi kufukula kwa nthawi zonse. Katswiri wofukula mwachifatse amasankha yekha malo, amabwererako chaka ndi chaka, ndipo mwadala amasiya chigawo china osachikhudza kuti am'tsogolo, amene adzakhale ndi zida zoposa zake, adzapeze pogwira. Kumalo a damu, tsiku lomaliza amaika ndi mainjiniya. Chimene chatsala pansi tsikulo likakwana, chapita. Motero mabokosi a mapale, mafupa ndi mikanda, pamodzi ndi mabuku amene ofukulawo ankalembamo, ndiwo amalowa m'malo mwa dera lonselo, ndipo nkhani ya amene adzawasunge imakula kufanana ndi ya kufukulako. Palibe kumene izi zidaonekera poyera kuposa ku Nubia, m'malire a dziko la Egypt ndi Sudan.

Madamu a ku Aswan

Nubia ndi dera la m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kuyambira mumzinda wa Aswan kummwera kwa Egypt mpaka m'kati mwa Sudan. Kumeneku n'kumene kudali ufumu wa Kush, umene mafumu ake ena adafika polamulira Egypt yense m'zaka za m'ma 700 Yesu asanabadwe. Patapita nthawi kudadzukanso maufumu achikhristu amene adakhalapo zaka mazanamazana. Mvula ku Nubia imagwa mwa apo ndi apo, kotero nsalu, zikopa, madengu ngakhale makalata zimatha kukhala mumchenga zaka zikwi osaola. Chimene chimaziononga msanga ndi chinyezi.

Damu loyamba la ku Aswan lidatha kumangidwa mu 1902, Angerezi akulamulira Egypt, ndipo adalikweza kawiri, pakati pa 1907 ndi 1912 komanso pakati pa 1929 ndi 1933. Polikweza koyamba, boma lidatuma George Reisner wa ku America, kenako Cecil Firth, kuti afufuze dera loti limire. Reisner adakhazikitsa njira imene ofukula akuitsatabe: manda aliwonse apatsidwe nambala, ajambulidwe, ndipo chilichonse chopezekamo chilembedwe chisanachotsedwe. Posadziwa maina a mitundu ya anthu imene ankaifukula, adangoitcha ndi zilembo, gulu A, B, C ndi X, ndipo kupatula gulu B, limene akatswiri adadzalikana pambuyo pake, mainawo akugwirabe ntchito. Polikweza kachiwiri, Walter Emery ndi Laurence Kirwan adapeza manda a mafumu ku Ballana ndi Qustul, momwe mudali zisoti zachifumu zasiliva.

Kafukufuku woyamba uja adaonetsa kale vuto la kasungidwe. Mafupa ambiri amene adasankhidwa chifukwa choonetsa matenda ndi zilonda adatumizidwa ku Royal College of Surgeons ku London. Mu 1941, pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, bomba lidagwera nyumbayo ndipo gawo la mafupawo lidaonongeka. Adapulumuka mtsinje wa Nile n'kukathera ku Ulaya.

Damu lachiwiri, lalitali mamita 111, adayamba kulimanga mu Januwale 1960 pansi pa ulamuliro wa Gamal Abdel Nasser, n'kulimaliza mu 1970. Nyanja imene lidapanga ndi yaitali makilomita pafupifupi 500, ndipo mbali yake ina ili mu Sudan. Ulendo uno madzi sadali oti azikwera ndi kutsika monga kale. Chigwa chonse chidali choti chimire mpaka kalekale.

Pempho la 1960

Maboma a Egypt ndi Sudan adapempha thandizo ku bungwe la UNESCO mu 1959, ndipo pa 8 Malichi 1960 mkulu wa bungweli, Vittorino Veronese, adamema maiko onse kuti athandize ndi ndalama ndi akatswiri. Ntchito idatha mu Malichi 1980. Idadya ndalama pafupifupi madola 80 miliyoni a ku America, theka lake lochokera kumaiko pafupifupi 50. Magulu ofukula okwana 40 adagawana chigwacho zigawozigawo. Ambiri adali a ku Ulaya ndi ku America, koma kudabweranso gulu la ku India, ndi lina la Yunivesite ya Ghana lotsogozedwa ndi Peter Shinnie, limene lidafukula mudzi wakale wa Debeira West.

Chimene chidakopa maiko si chifundo chokha. Boma la Egypt lidalonjeza kuti gulu lililonse lidzatenga theka la zimene lafukula, kupatula zinthu zosowa kwambiri, ndiponso kuti maiko othandiza koposa adzapatsidwa akachisi ena athunthu. Sudan nayo inkagawana zofukulidwa ndi alendowo. Lonjezo limeneli ndilo lidabalalitsa chuma cha Nubia padziko lonse.

Miyala idasamuka, zidina zidatsala

Ntchito imene anthu amaikumbukira kwambiri ndi ya ku Abu Simbel, komwe mfumu Ramesses II idasemetsa akachisi awiri m'thanthwe zaka zoposa 3,200 zapitazo. Pakhomo pa kachisi wamkulu pali ziboliboli zinayi za mfumuyo, chilichonse chachitali mamita 20. Pakati pa 1964 ndi 1968 amisiri adayamba amanga khoma lotchinga madzi amene adali atayamba kale kukwera, nakwirira nkhope za zibolibolizo ndi mchenga kuti miyala yogwa isaziswe. Kenako adadula akachisiwo zidutswa zoposa 1,000, zina zolemera matani 30. Pamalo osemedwa bwino ankadula ndi macheka amanja kuti mzere ukhale wopyapyala. Chidutswa chilichonse chidapatsidwa nambala, ndipo adazilumikizanso pamalo okwera mamita 65, mtunda wa mamita pafupifupi 200 kuchokera pamalo akale. Phiri limene alendo amaliona kumbuyo kwa akachisiwo lero ndi lochita kupanga, ndipo m'kati mwake muli denga lakonkire. Adayesetsanso kulozetsa khomo monga lidalili, kotero dzuwa limalowabe mpaka m'chipinda cham'kati kawiri pachaka, pa 22 Febuluwale ndi pa 22 Okutobala. Abu Simbel yekha adadya pafupifupi theka la ndalama zonse za ntchitoyi.

Akachisi a pachilumba cha Philae adasamutsidwira pachilumba chokwererapo cha Agilkia. Kachisi wa Kalabsha adamusamutsa ndi a ku West Germany, ndipo mbali ina ya kachisi wa Amada, imene utoto wake sukadapirira kudulidwa, a ku France adaikoka yathunthu panjanji. Zomangidwa zonse zimene zidasamutsidwa zidakwana 22.

Koma mwala wokha ndiwo umadulika n'kulumikizikanso. Malinga ankhondo a ku Buhen ndi Mirgissa, amene Aejipito adamanga zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, adali a zidina. Makoma ake okhuthala mamita angapo adapirira chipululu zaka zonsezo, koma m'madzi chidina chimangosungunuka. Emery adafukula Buhen, adajambula mapu ake, kachisi wamiyala wa m'katimo adapita naye ku Khartoum, linga lenilenilo n'kulisiyira nyanja. Chimodzimodzi midzi, matchalitchi ang'onoang'ono ndi nyumba za anthu wamba. Tikanena mosabisa, kasankhidweka kadakondera mafumu, pakuti iwo ndiwo ankamangira miyala. Mwa malo akuluakulu a kumunsi kwa Nubia, Qasr Ibrim yekha ndiye adatsala pomwe adali, chifukwa adali pamwamba pa phiri limene tsopano ndi chilumba.

Zithunzi za ku Faras

Ku Faras, mbali ya Sudan, gulu la ku Poland lotsogozedwa ndi Kazimierz Michałowski lidayamba kukumba chulu chachikulu cha mchenga mu 1961. Pansi pake lidapeza tchalitchi chachikulu chimene episkopi Paulos adamangitsa m'chaka cha 707. Mchenga udachidzaza mpaka pamwamba, ndipo ndiwo udateteza zithunzi zoposa 150 zojambulidwa pamakoma, zina pamwamba pa zinzake chifukwa mibadwo yotsatira inkamata pulasitala watsopano n'kujambulanso. Padali zithunzi za angelo, za anthu oyera, za mafumu ndi maepiskopi a ku Nubia, ena a khungu lakuda bii monga episkopi Petros. Pakhoma lina padalembedwa mndandanda wa maina a maepiskopi a Faras, umene udathandiza kudziwa zaka za zithunzizo.

Makoma ambiri adali oti sangasamuke, choncho adaganiza zosenda zithunzizo. Ankamata pepala lopyapyala ndi phula la njuchi pamwamba pa chithunzi, n'kusita ndi chitsulo chotentha kuti utoto ugwire, kenako n'kudula pulasitalayo kumbuyo ndi mipeni ndi macheka, chithunzi n'kuchigoneka pathabwa. Zidachotsedwa motero zithunzi pafupifupi 120, ntchito n'kutha mu 1964 madzi ali pafupi. Pogawana, zithunzi 67 zidapita ku National Museum ya ku Warsaw, kuphatikizapo chotchuka cha Anna Woyera atagwira chala pakamwa ndi cha episkopi Petros. Zina, monga chachikulu cha kubadwa kwa Yesu, zidapita ku Khartoum. Zithunzi zimene zidakhala moyang'anizana m'nyumba imodzi ya mapemphero kwa zaka mazanamazana zidalekana pamenepo, ndipo tchalitchicho chili pansi pa nyanja.

Eni dera

Anthu oposa 100,000 adasamutsidwa. A mbali ya Egypt adawapititsa kufupi ndi Kom Ombo mu 1963 ndi 1964, kumidzi yatsopano yotalikirana ndi mtsinje umene moyo wawo wonse udatsamirapo. A ku Wadi Halfa mu Sudan adawakweza sitima zapamtunda kupita ku Khashm el-Girba, makilomita mazanamazana kummawa kwa dzikolo. Adasiya migwalangwa yawo ya zipatso ndi manda a makolo awo. Dziko lapansi lidasonkha ndalama zosamutsira ziboliboli za Ramesses mosamala mpaka pa sentimita, koma za anthu amoyo lidazisiya m'manja mwa maboma awiriwo. Malamulo aakulu a Egypt a mu 2014 adalonjeza kuti boma lidzakonza zobwezera anthu a ku Nubia kumadera awo m'zaka 10, zimene zikusonyeza kuti bala lidali likadali laliwisi patatha zaka 50.

Kuno kummwera kwa Africa zofanana zidachitika nthawi yomweyo. Damu la Kariba pamtsinje wa Zambezi, limene lidatha mu 1959, lidasamutsa Atonga pafupifupi 57,000, ndipo ntchito yopulumutsa imene idatchuka kunja idali ya nyama zakutchire, yotchedwa Operation Noah. Malo odziwika a Ingombe Ilede ku Zambia adapezeka mwangozi mu 1960, antchito akukumba maziko a thanki ya madzi a anthu osamutsidwawo. Adapezamo mitembo yoikidwa ndi mikanda yagolide ndi mkuwa woumbidwa ngati mtanda, ndipo zinthuzo zidapita ku Livingstone Museum.

Kunyalanyaza eni dera kudadzabala zipatso zake ku Sudan komweko. Pomanga damu la Merowe, limene lidatsegulidwa mu 2009, magulu ofukula a maiko osiyanasiyana adabweranso. Anthu a mtundu wa Manasir, amene ankakangana ndi boma pa za chipukutamisozi ndi malo osamukirako, adathamangitsa ofukulawo m'dera lawo kuyambira mu 2006, poona kuti kufukulako kukungosalaza njira ya damu. Mbali ina ya deralo idamira isanafufuzidwe mokwanira.

Kumene zinthuzo zidapita

Akachisi anayi adaperekedwa ngati mphatso. Wa Dendur ali m'chipinda chachikulu cha magalasi ku Metropolitan Museum of Art ku New York, komwe adatsegulidwa mu 1978. Wa Taffeh ali ku Leiden m'dziko la Netherlands, wa Ellesyia ali ku Turin ku Italy, ndipo chipata cha ku Kalabsha chidapita ku Berlin. Wa Debod ali ku Madrid, ndipo ndi yekhayo amene adaimikidwa pabwalo, m'paki. Miyala yake yamchenga, yozolowera chipululu, yakhala ikuvumbwa ndi mvula kuyambira mu 1972, mpaka mu 2020 katswiri wa ku Egypt, Zahi Hawass, adadzudzula poyera akuluakulu a mzindawo kuti sakuisamala mphatsoyo.

Nkhani ya zinthu zing'onozing'ono ndi yovuta kuitsata. Gulu lililonse lidanyamula gawo lake kupita kwawo, kotero katundu wa m'manda amodzi akhoza kupezeka m'maiko awiri, mabuku a ofukula ali m'dziko lachitatu. Malipoti a malo ena adasindikizidwa patatha zaka makumi angapo, ena ofukula eni ake atamwalira. Izi si zachilendo pantchito yotere. Ndalama zofukulira zimapezeka msanga chifukwa madzi akubwera ndipo atolankhani ali pomwepo, koma zolipirira munthu wotsuka mapale, kuwalemba m'kaundula ndi kuteteza mabokosi ku chiswe ndi chinyezi zaka 50 sizikopa aliyense. Phale lopanda nambala yosonyeza pamene lidatoledwa silisiyana ndi phale la kudzala.

Anthu a ku Nubia mbali ya Egypt adadikira nthawi yaitali kuti aone chuma chawo pafupi. Nubia Museum ya ku Aswan idatsegulidwa mu Novembala 1997, patatha zaka zoposa 30 chisamukire. Mulinso zithunzi ndi zifanizo za midzi imene idamira.

Ntchito ya ku Nubia idasiyanso maganizo akuti malo ena ndi chuma cha anthu onse, ndipo maganizo amenewa ndiwo adabala pangano la UNESCO la mu 1972 loteteza malo ofunika padziko lonse. M'kaundula wa panganoli, momwe akachisi a ku Nubia adalowa mu 1979, ndi momwemo mulinso paki ya Lake Malawi National Park, imene idalowa mu 1984, ndi zojambula zam'mapanga za ku Chongoni, zimene zidalowa mu 2006.

Phindu la bokosi losungidwa bwino

M'zaka za m'ma 1960 gulu la Fred Wendorf wa ku America lidafukula manda a Jebel Sahaba pafupi ndi Wadi Halfa, momwe mudali mafupa a anthu pafupifupi 60 amene adamwalira zaka zoposa 13,000 zapitazo. Ambiri adali ndi timiyala takuthwa ta mivi kapena mikondo m'matupi mwawo, ndipo kwa nthawi yaitali malowa ankatchulidwa ngati umboni wa nkhondo yakale kwambiri. Wendorf adasunga mafupawo pamodzi ndi zolemba zake, n'kudzazipereka ku British Museum kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mu 2021 gulu lotsogozedwa ndi Isabelle Crevecoeur lidafalitsa zimene lidapeza litawapimanso ndi makina oonera zinthu zazing'ono: zilonda zoposa 100 zimene sizidaoneke poyamba, zina zopola, zina zosapola pamunthu mmodzi yemweyo. Izi zidasintha nkhani yonse. Anthuwo sadafe pankhondo imodzi, koma ankakhala m'ziwawa zobwerezabwereza moyo wawo wonse.

Mafupa ena ofukulidwa chakomweko, a anthu amene adakhalako zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, adapimidwa ku America, ndipo mu 1980 George Armelagos ndi anzake adalengeza kuti apezamo tetracycline, mankhwala amene madokotala adayamba kuwagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1900. Akatswiriwo adati anthuwo ayenera kuti ankawamwera mu mowa wa mbewu zofufumitsa. Wofukula wa mu 1963 sakadaganiza n'komwe zofufuza zimenezo. Zidatheka chifukwa wina adasunga mafupawo ndi manambala ake. Komabe mafupawa ndi a makolo a anthu ena, ndipo masiku ano funso loti ndani ali ndi ufulu wosunga mitembo ya eni m'makabati a kutali likufunsidwa mokweza kuposa kale.

Khartoum

Gawo la Sudan lidasonkhanitsidwa mu Sudan National Museum ku Khartoum, imene idatsegulidwa mu 1971. Akachisi a ku Buhen, Semna ndi Kumma adaimikidwa m'munda wa nyumbayo, zithunzi za ku Faras zidapachikidwa m'chipinda cham'mwamba, ndipo pomadzafika zaka zaposachedwa mudali zinthu pafupifupi 100,000.

Nkhondo ya pakati pa asilikali a boma ndi gulu la Rapid Support Forces itabuka pa 15 Epulo 2023, nyumbayo idagwa m'manja mwa gululo. Mu Juni chaka chomwecho padatuluka kanema woonetsa ankhondo ali m'chipinda chopimira mafupa, akutsegula mabokosi a mitembo yakale. Mu 2024 zidamveka kuti katundu akutulutsidwa pa malole, ndipo mu Seputembala bungwe la UNESCO lidapempha ogula ndi ogulitsa zinthu zakale padziko lonse kuti asalandire chilichonse chochokera ku Sudan. Asilikali a boma atalandanso Khartoum mu Malichi 2025, ogwira ntchito adapeza makabati oswedwa, chipinda chosungiramo golide chili mbee. Zidatsala ndi zolemera zosanyamulika, monga chiboliboli chachikulu cha mfumu Taharqa.

Pali ena amene akuti izi zikusonyeza kuti kugawana kuja kudali kwanzeru, popeza zithunzi za ku Warsaw zili bwinobwino m'chipinda chimene chidakonzedwanso mu 2014. Mfundoyo ili ndi mbali yoona, koma imaiwala bomba la ku London la mu 1941, imaiwalanso kuti mwana wa ku New Halfa, komwe agogo ake adasamutsidwira, sangaone episkopi Petros popanda chiphaso cholowera ku Ulaya ndi ndalama ya ndege. Chimene akatswiri a ku Sudan akudalira tsopano pofunafuna zobedwazo ndi makaundula, manambala ndi zithunzi zimene zidalembedwa ndi kujambulidwa pofukula ndi posunga. Chinthu chikatulukira pamsika ku Ulaya kapena kumaiko a Aluya, apolisi sangachilande popanda pepala losonyeza kuti chidachokera m'kabati ya ku Khartoum, ndipo pa zinthu za ku Nubia ena mwa mapepala amenewo adalembedwa pamanja ku Faras ndi ku Buhen, madzi a damu asanafike.